Mwala wa Pakhola Umene Ndinapita Nawo ku Krakow

Ndisanayambe ndikuuzeni mboni zanga, chifukwa ndimakudziwani ana anga, ndikangotsegula pakamwa mumayamba kuyang'anana. Mboni yoyamba ndi mayi anu, amake Esinati, amene sananamepo chibadwire, ngakhale pa masiku amene bodza likadatithandiza. Yachiwiri ndi a Mumba, amene anali manijala wathu pa bungwe la alimi a mkaka kufupi ndi Palabana. Iwo anamwalira, koma akadakhalapo akadakana zonse, ndipo aliyense amene anawadziwa akuuzani kuti chimene a Mumba akana ndiye kuti chinachitikadi. Yachitatu ndi mayi wina wa ku Poland, Pani Halina, amene anandikalipira m'zilankhulo zitatu. Yachinayi ndi chithunzi chimene chili m'kabati ya magalasi, kuseri kwa makapu a alendo. Sindinawonjezere kanthu m'mutu uno. Mwina ndachita kuchepetsako kuti mukhulupirire.

1968

Ntchito yanga yoyamba inali yokama ng'ombe pafamu ya Myuda wina, mumsewu wopita ku Kasisi. Dzina lawo anali a Aroni, koma ife tinkati a Chipewa, chifukwa chipewa sichinkachoka pamutu pawo. Kudya nacho, kupemphera nacho, ndipo wophika wawo ankalumbira kuti posamba ankachita kuchizungulira. Anabwera kuno ali mnyamata, nkhondo yaikulu ya azungu isanayambe, kuchokera mumzinda wa Krakow. Abale awo onse anatsala kumeneko, ndipo onse anaphedwa chifukwa chokhala Ayuda. Iwo eni sankazinena. Tinazimva kwa wophika yemweyo.

Nthenda yanga mukuidziwa: sindingaone chinthu chokhota n'kuchisiya. Sabata yanga yoyamba, popereka mkaka kunyumba yaikulu, ndinaona kabokosi kakang'ono kokhomedwa mopendekeka pafelemu ya chitseko. Ndinati kalipentala ameneyu anagwira ntchito ataledzera. Ndinatenga hamala, kukazula, kukakhomanso chilili bwinobwino. A Chipewa atatuluka anayang'ana kabokosi, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Iwe Tembo, anthu banga bakhala bakhoma aka mopendeka kuchoka kalekale. Banali kuyembekeza iwe?" M'kati mwake munali mawu a pemphero, ndipo kupendekako unali mwambo. Sanandichotse ntchito. Anati munthu amene sasiya chinthu chokhota ndi wa kumakina, osati wa kumawere a ng'ombe. Anandiphunzitsa okha injini, pampu ndi thanki yoziziritsa mkaka. Chilichonse chimene munadya m'nyumba mwanga chinachokera pa sipanala imene munthu ameneyo anandigwiritsa.

Seputembala 1994

Pa nthawi iyi ndinali makaniko wa bungwe la alimi lija. Thanki yathu inali yakale kuposa ufulu wa dziko lino. Zipangizo zosinthira kunalibe, lamba wa injini ndinkadula ku matayala a njinga, ndipo magetsi ankabwera ngati mlamu wokwiya, kungosuzumira n'kubwerera. Ndiye Akhristu a parishi ina ya ku Poland anasonkha kutigulira thanki yatsopano, ndipo anati anthu awiri apite masabata atatu kukaphunzira kuiyendetsa. A Mumba anadzisankha okha poyamba. Wachiwiri ankafuna mlamu wawo wolemba malisiti, koma kalata inati makaniko, ndipo ngakhale anaiwerenga katatu, inapitiriza kunena makaniko.

A Chipewa anali atagulitsa famu, akukhala m'kanyumba ku Lusaka, maso atayamba kuchita khungu. Atamva anandiitanitsa.

"Tembo, namvera uyenda kwathu."

"Inde bwana, masabata atatu."

"Atate banga bali kumeneko. Banamwalira nikali pa sukulu, nkhondo isanafike, ndiye beka bali na manda. Amai na alongo banga balibe." Anapisa m'thumba n'kutulutsa mwala woyera waukulu ngati dzira la nkhuku. "Uyu ninatola pakhola lathu tsiku ninachoka pafamu. Ukaike pamanda pao."

"Bwana, si maluwa amene muti nikaike?"

"Maluwa afota. Iwe ukaike chabe mwala."

Ndikadafunsa chifukwa chake, mutu uno ukadathera pompano. Koma ndinafunsa china, ndinati bwanji osapita okha. Anati, "Ine nikagogode pakhomo pa ndani?" Anandipatsa pepala. Mbali imodzi anajambula mapu a manda, mbali ina analemba dzina la bambo awo m'malemba achiyuda, aja ooneka ngati timipando ndi timbedza, ndipo anati pamwamba pa chipilala pali chithunzi cha jagi yothirira madzi.

Mayi anu anaupeza mwalawo m'sutikesi, wokulungidwa m'hanki. "Atate ake Esinati," anatero, "mwala wa pakhola, kupita nawo kumanda kwa eni, kunja kwa dziko. Anthu akamva adzati chiyani? Inu ndinu wa m'kwaya." Ndinafotokoza mpaka kummero kuuma. Anavomera, koma anayamba auwaza madzi odalitsa. Motero mwala wa Myuda unanyamuka pa Chongwe utabatizidwa. Pabwalo la ndege wofufuza katundu anautembenuza, anauyang'anitsa pa getsi, n'kufunsa ngati ndi emeralodi, mwala wamtengo wapatali uja. Nditakana, anaunyambita. Ndinaganiza zomuuza kuti watoledwa pakhola, koma ndinaona kuti nthawi yothandiza inali itapita kale.

Okutobala 1994

Za kuzizira kwa dziko limenelo sindinena zambiri, chifukwa muyamba kuyang'anana. Ndingoti ng'ombe za kumeneko sizikamidwa. Mkaka umachita kuthyoledwa ngati chinangwa. Ndinaona ndi maso anga.

Tinkakhala m'tauni ina, ola limodzi pasitima kuchokera ku Krakow, chipinda chimodzi ndi a Mumba. Tsiku lachitatu, pofuna sopo wanga chifukwa wawo ankausunga, a Mumba anaupeza mwala uja. Anaubweza mwakachetechete n'kukhala pabedi.

"Ba Tembo, uyu mwala ni wa chani?"

"Ni wa kumanda, ba manijala. Ananituma munthu."

"Wa kumanda." Anagwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza nthenda. "Nenze nadziwa. Mufuna mpando wanga. Mwaona mankhwala a kwathu siyanigwira, mwabwera kufuna ya bazungu."

Ndinawauza za a Chipewa, za famu, za nkhondo. Anati nkhani yokonzeka bwino chotero ndiyo imasonyeza kuti munthu anakonzekera. Kuyambira tsiku limenelo ankagona atavala nsapato. Ku maphunziro ine ndinkamasula mapampu, iwo ankagwira fayilo n'kumagwedeza mutu pa nthawi yolakwika. Masiku onse anali odzaza, ndipo tsiku limodzi lokha limene anatipatsa kuti tione dziko linali Loweruka lomaliza.

Ndinakwera sitima m'mawa, mwala m'thumba la jekete. Dera la Ayuda kumeneko amalitcha Kazimierz. Ndinafunsa njira ndi manja ndi pepala mpaka ndinafika pachipata cha manda. Chotseka, loko waukulu ngati mutu wa mwana. Bambo wina wodutsa anandiuza mawu amodzi okha amene ndinamva: Sabata. Ana anga, ine amene ndinakama ng'ombe za a Chipewa Loweruka lililonse zaka khumi ndi ziwiri chifukwa iwo sankagwira ntchito pa tsikulo, ndinawoloka nyanja kukadabwa kuti Ayuda amatseka Loweruka. Ndinadzitukwana m'Chinyanja, m'Chisoli ndi m'Chibemba, ndipo palibe chimene chinatsegula loko.

Poti sitima yobwerera inali yamadzulo, ndinayendayenda. Nyumba zinali zazitali, zakale, pulasitala akugwa, mawindo ena otsekedwa ndi matabwa. Panali msewu wina wotakata ngati bwalo la msika, ndi masunagoge, nyumba zawo zopemphereramo, angapo m'dera laling'ono, ambiri opanda opemphera. Ina anaisandutsa malo osungiramo zinthu zakale. Ndinkaganiza kuti anthu amene anafuna nyumba zopemphereramo zochuluka chotere anali angati. Kenaka ndinaima pakhomo lina kubisala mphepo, ndipo pafelemu, pa msinkhu wa phewa langa, panali kadzenje kopendekeka. Kabokosi konga ka a Chipewa kaja kanachoka, malo ake anatsala. Ndinapita khomo lina, kadzenje. Lina anakamata ndi penti koma kakuonekabe. Ndinaika chala m'kamodzi, ndipo chinakwana ndendende. Ndinakumbukira funso lija lakuti ndikagogode pakhomo pa ndani, ndipo apa sindinena nthabwala iliyonse.

Nditabwerera ndinawauza a Mumba kuti mawa ndipitanso. Vuto linali lakuti Lamulungu, Misa ikatha, Akhristu amene anasonkha za thanki anakonza phwando loti ationere, ndipo wansembe anali atalonjeza kuti alendo a ku Zambia aimba nyimbo ziwiri za kwawo. Lolemba inali ndege. A Mumba mawu awo oimbira anali ngati chitseko cha khola.

"Mufuna niimbe neka pamaso pa ma dona bamene batigulira thanki?"

"Muimbe imodzi chabe, ba manijala, mubwereze kawiri. Sibazadziwa."

"Ba Tembo, mverani. Mukayenda kumanda mailo, pa thanki yatsopano simuzagwirapo. Nizalemba lipoti kuti munathawa ntchito kukachita vamene mudziwa imwe."

Ndinaganiza za thanki imeneyo, yonyezimira, imene ndinaiphunzira nati iliyonse. Ndinaganiza za inu, anayi muli pasukulu. Kenaka ndinadziona ndikubwerera ku Lusaka, ndikutulutsa mwala m'thumba, ndikuubweza m'dzanja la munthu amene anandigwiritsa sipanala, ndikumuuza kuti pepani bwana, ndinali kuimba. M'mawa ndinavala jekete. A Mumba anandiyang'ana ali m'bulangete, nsapato zikutulukira kumapazi.

Lamulungu chipata chinali chotsegula. Monga mwana woleredwa bwino, ndinavula chipewa polowa. Mayi wina wachikulire, wamfupi, wosunga makiyi a pamalopo, anatuluka m'nyumba ya pachipata akukuwa, akuloza mutu wanga. Ndinaganiza kuti ulemu wachepa, ndinawerama kwambiri, chipewa pachifuwa. Anandilanda chipewacho n'kundivika pamutu ngati akutseka botolo. Ameneyo ndiye Pani Halina. Kwa Ayuda mwamuna salowa kumanda mutu uli pamtunda. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti a Chipewa akubisa dazi.

Mapu ankati: uyende molunjika, ukhotere kumanja pa kamtengo kakang'ono. Kamtengo kakang'ono ka zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo! Malo onse anali nkhalango, mitengo yoti anthu awiri sangaikumbatire, zitsamba zoyanga zitakuta zipilala, zina zitagwa, zina zitatsamirana ngati anthu ochokera ku mowa. Khoma lina linali lomangidwa ndi zidutswa za zipilala zimene asilikali anaphwanya pa nkhondo. Ndinati chabwino, ndifune jagi. Majagi analipo okwanira kutsegula sitolo. Ndinayenda chipilala ndi chipilala, kufananiza timipando ndi timbedza ta papepala ndi ta pamwala, maola atatu, mphuno itasiya kukhala yanga. Dzuwa litapendeka ndinachipeza. Malemba onse anafanana, jagi pamwamba.

Koma mmene panalili! Udzu, masamba ovunda, ndipo pamwamba penipeni pa chipilala wina anaunjikapo timiyala. Ndinati anthu a kuno alibe mwambo, ana amasewera pamanda a munthu wamkulu palibe wowaletsa. Kwathu kuno munthu ukafika pamanda a kholo umalambula. Ndinavula jekete, ndinazula udzu, ndinathyola nthambi n'kusesa, ndinapukuta malemba ndi hanki. Timiyala tija ndinatola kamodzikamodzi n'kuponya kutali m'tchire. Kenaka ndinaika mwala wa a Chipewa pakati, wokhawokha, pamalo oyera, ndipo ndinagwada ndikudziyamikira mumtima.

Kukuwa kumene ndinamva kumbuyo kwanga kunagwetsa masamba otsala m'mitengo. Pani Halina anali atabwera kudzandiuza kuti atseka. Anayamba m'Chipolishi, anaona kuti sizikulowa, anasinthira ku Chijeremani, kenaka anapeza Chingerezi chochepa chimene anali nacho n'kuchigwiritsa chonse. Chimene ndinatolapo ndi ichi: mwala uliwonse ndi munthu. Munthu akafika pamanda amasiya mwala, kunena kuti ndinabwera, sindinaiwale. Ine ndinali nditathamangitsa alendo onse a bambo a a Chipewa, anthu amene anabwera pamene mwana wawo sanathe kubwera.

"Inali ingati?" anafunsa.

"Isanu ndi iwiri, mayi."

Analoza tchire. Ndinagwada. Dziko la Poland, ana anga, ndi lopangidwa ndi timiyala tokhatokha, ndipo onse anasonkhana m'tchire limenelo kudzandionerera. Koma makaniko saiwala nati imene wamasula. Ndinakumbukira kakuda kosalala, kofiira kothyoka, tiwiri totuwa ngati mapasa. Mayiyo atandiona ndikukana timiyala tina tabwinobwino anasiya kukalipa, anagwada nayenso, tikufufuza tonse awiri m'masamba. Isanu ndi umodzi tinaipeza msanga. Wotsirizawo unatitengera ola. Titaibweza yonse ndinafunsa kuti amaika ndani, popeza banja lonse linatha. Anati sadziwa. Alendo ena akasowa manda a kwawo amaika pa manda alionse. Koma pali gogo wina amene amabwera chaka chilichonse chisanu chisanayambe, salankhula ndi munthu, amalunjika pomwepa. Analonjeza kuti akadzabwera adzamufunsa. Kenaka anakatenga kamera, anandiimika pambali pa chipilala, anajambula, n'kulemba bokosi la positi la bungwe lathu.

Kuphwando, ndinamva, a Mumba anaimba okha. Akhristu a kumeneko anasonkhanso kachiwiri, poganiza kuti munthuyo akulira njala ya kwawo.

Novembala 1994

Lipoti analembadi. Thanki itafika anaipereka kwa mlamu wawo wa malisiti, ine ananditumiza ku Nkomeshya, pamalo olandirira mkaka opanda magetsi. Makaniko wophunzira ku Ulaya, makina ake zigubu zinayi ndi sefa. Kumudzi mbiri inali itafika kale yakuti Tembo anapita kukatenga mphamvu kumanda a azungu, ndipo azimayi ena ankabweretsa mkaka atagwira korona. Zonsezi ndikadapirira. Chimene chinandipweteka ndi cha ku Lusaka.

"Unaika?" anafunsa a Chipewa.

"Ninaika, bwana. Ndipo panali kale miyala seveni. Kuli munthu amene ayendako chaka na chaka."

Nkhope yawo inauma. "Tembo, iwe unaniuzapo kuti ng'ombe yanga inakuyankha moni."

"Inayankha, bwana."

"Kulibe munthu kuja. Ninalemba makalata zaka teni nkhondo itatha. Usaniname kuti nikondwere. Kapena siunapeze manda, kamba chabe, sinizakalipa."

Ndinalumbira pa chilichonse. Anangoti zikomo poyesa, n'kutembenukira kukhoma. Moyo wanga wonse ndanena zoona zokhazokha, koma tsiku limenelo ndinaona kuipa kwake kokhala munthu amene zoona zake zimakhala zazikulu kuposa za anzake. Ndinati dikirani chithunzi. Khirisimasi inadutsa. Mvula inagwa n'kutha. Lachisanu lililonse ndinkapalasa njinga kukafunsa ku ofesi, ndipo a Mumba, amene ankasunga kiyi wa bokosi la positi, ankati kulibe kanthu. Uku a Chipewa anali atasiya kudzuka pabedi.

Epulo 1995

Amene anathetsa nkhaniyi ndi mayi anu. Anapita okha ku ofesi, anakhala pampando wa alendo ndi choluka chawo, n'kunena kuti sachoka. Pofika masana a Mumba anatsegula dirowa yapansi n'kutulutsa envulopu ya masitampu achilendo, ataigwira ndi pulayala. Inali itakhala m'menemo kuyambira Januwale. Ankaopa kuitsegula, ankaopa kuitaya, ankaopa kundipatsa, ndipo anali ataithira mchere.

M'mawa mwake ndinasiya zigubu, njinga mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku Lusaka. A Chipewa anali chigonere, ataonda ngati bango, chipewa pamutu. Ndinawakhazika, ndinawapatsa chithunzi ndi galasi lawo lokuzira malemba. Analiyendetsa pang'onopang'ono pa jagi, pa timipando ndi timbedza, milomo ikuyenda. Kenaka anafika pamwamba n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Anawerenga kawiri.

"Eyiti."

"Seveni na wanu, bwana. Woyera uyo wa pakati."

Kuseri kwa chithunzi Pani Halina anali atalemba mizere itatu, ndipo ndinawawerengera. Gogo uja anabwera. Si Myuda, si wachibale. Anali mwana wa anthu oyandikana nawo nyumba, dzina lake Zosia, ndipo akufunsa ngati Aroni akadali ndi makutu aakulu.

A Chipewa anaika galasi pabulangete. Kenaka anayamba kugwedezeka mapewa, ndipo sindinadziwe ngati ndi kuseka kapena kwina kuja. "Zosia," anatero. "Kawalala uja. Anali kutibera maapulo pawindo."

Poona kuti mtima wawo wafewa, ndinaulula zonse: kusesa, kuponya miyala m'tchire, kukwawa ola lathunthu.

"Unalambula manda a atate banga?"

"Ninalambula, bwana."

"Na kutaya balendo bao."

"Ninababweza bonse, bwana."

"Iwe Tembo, iwe." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya shiti, anabwezanso galasi pachithunzi, pa ine tsopano, nditaima pambali pa chipilala, mawondo ali matope, chipewa chili mmene mayi uja anachivikira. "Chipewa chako chapendeka," anatero. Ndinatambasula dzanja kuti ndione. Anakokera chithunzicho pachifuwa pawo. "Chisiye tero."